Diso la Nkhwali ndi Mchira wa Nyenga

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, kunali nkhwali ina yaikazi dzina lake Nangondo. Senderani pafupi. Ndikati padangokhala, inu muziti tili tonse, kuti ndidziwe kuti simunandithawe.

Padangokhala.

Nangondo ankakhala m'mphepete mwa dambo, kuseri kwa chulu, pomwe tsekera anamera mothithikana. Mwamuna wake ankatchedwa Kwalikwali, chifukwa m'mawa uliwonse ankakwera pachulu n'kufuula mpaka dambo lonse kudzuka. Chaka chimenecho Nangondo anaikira mazira kwa nthawi yoyamba. Anaikira asanu ndi limodzi. Thupi linakhala pamazira, koma mtima sunakhale pansi.

Tsamba likagwa, iye cheu! Chiwala chikadumpha, iye cheu! Mthunzi wa mtambo ukadutsa, iye cheu! Khosi linkachita kuwawa. Kudya anaiwala. Akati atsinzine pang'ono, ankadzidzimuka n'kuyamba kuwerenga mazira ndi mlomo, kuwerenga, kumaliza, n'kuyambiranso.

"Akazi anga, mudzawaswa mazirawo ndi kuwerenga," anatero Kwalikwali.

"Ndisiyeni, bambo. Amayi anandiuza kuti nkhwali imakalamba chifukwa cha maso. Chilichonse choyenda uzichiona msanga."

Ndipo amayi akewo sananame. Nkhwali ilibe nyanga, ilibe mano. Chida chake ndi kuona mdani akadali patali n'kukuwa. Ikakuwa, nkhwali zinzake ndi nkhanga zonse za m'dambo zimathamangira pomwepo, milomo ili patsogolo.

Amene ankazidziwa bwino zimenezi anali Ng'azi, yemwe ankakhala kumtsinje. Ng'azi ankakonda mazira kuposa chakudya china chilichonse, ndipo diso lake lakumanzere linatsalira pamlomo wa nkhanga chifukwa cha dyera lomwelo. Iyeyu anali ndi mlamu wake, Nyenga, kanyama kowonda, kachangu, ka mchira wautali wokhala ndi nsonga yakuda.

Tsiku lina Nyenga anatsikira kumtsinje.

"Alamu, mwamva? Kuseri kwa chulu kuli mazira."

"Fungo ndalimva," anayankha Ng'azi. "Koma mwini wake maso ali ponseponse. Ine diso latsala limodzi. Mukufuna muzindiyendetsa ndi ndodo?"

"Maso a ponseponse ndiwo abwino, alamu. Diso lothamangira chilichonse ndimalikoka ngati mbuzi yapachingwe. Inu mukadzere kumadzulo, mimba pansi, osapumira m'mwamba. Ine ndikaima kum'mawa. Mukakaona khosi lake latalika kuloza kwa ine, mukatenge dzira. Limodzi lokha, osati umbombo wanu uja."

Dzuwa litakwera, Nangondo anaona kanthu kakuda pamwamba pa udzu. Kanali pukupuku, pukupuku. Iye sanalitume diso. Linapita lokha. Khosi linatsatira diso, chifuwa chinatsatira khosi, mazira n'kukhala pamtunda. Kanthu kaja kanazimirira, kenaka balamanthu chapatsogolo, pukupuku, n'kuzimiriranso. Nangondo atakhala pansi anamva kuti pansi pa phiko lina pali mpata. Anawerenga. Anali asanu.

Kumtsinje, mlamu ndi mlamu ankanyambita chikhokhombe cha dzira lija n'kumaimba:

Cheuka, cheuka, Nangondo,
Kuno kwawala, Nangondo,
Zakumbuyo n'za mawa,
Cheuka, cheuka, Nangondo.

Kwalikwali atabwera kokadya anazungulira chisa, napeza mzere wa mchira pafumbi.

"Uyu ndi Ng'azi. Wadzera kumbuyo kwanu. Nanga inu mumayang'ana kuti?"

"Kunali kanthu kakuda uko. Kamavina."

"Ndiye musamayang'ane zovinavina. Nkhani yake ndi yomweyo. N'chovuta chimenecho?"

M'mawa mwake Nangondo analumbira. Anati lero sindiyang'ana, kaya kuvine chiyani. Anaumitsa khosi. Anakanikiza mapazi pansi. Koma Nyenga tsiku limenelo anabwera ndi chigoba cha nkhono, choyera mbee, n'kuyamba kuchitembenuza padzuwa. Ng'ani! Ng'ani!

"Sindiyang'ana," anatero Nangondo. "Sindiyang'ana. Sindiyang'a..."

Mawu asanathe anapezeka kuti akuyang'ana kale. Sanadziwe ngakhale nthawi imene diso linachokera. Atabwerera anawerenga. Anali anayi.

Kumtsinje nyimbo inali yomweyo. Cheuka, cheuka, Nangondo.

Tsiku lachitatu Nangondo anaganiza kuti, ngati diso silikundimvera, ndilitsekera m'nyumba. Anatsinzina zolimba. Kunali mdima wokhawokha, mphepo ikuwomba mutsekera. Anamva tseketseke kumanzere. Anamva tseketseke kumanja. Sanatsegule. Ng'azi anafika, nayang'ana nkhwali yotsinzina, nasankha dzira mosafulumira ngati ali pamsika.

"Ine ndasenzera chiyani mapiko a gulugufewa?" anadandaula Nyenga, yemwe anabwera nawo kuti akope diso la Nangondo. "Lero munakatha kupita nokha, alamu."

Mazira anatsala atatu.

Nangondo sanalire mokweza. Anagwetsa mutu, mlomo uli pafumbi. Kenaka anadzuka.

"Bambo, khalani pamazirapa."

"Ndani? Ine?"

"Pali wina pano?"

"Akazi anga, tambala wathunthu kukhalira mazira? Munazionapo kuti? Anzanga akandiona ndidzakweranso bwanji pachulu?"

"Anzanuwo ndiwo adzakuswereni ana? Khalani. Ine ndikukafunsa kwa eni maso. Si inu munati n'chosavuta?"

Kwalikwali anakhala, miyendo ili tang'a, akuyang'ana uku ndi uku kuopa odutsa. Nangondo anauyamba ulendo. Sankayenda, ankathamanga. Akathamanga pang'ono ankaima n'kucheukira kuchulu, kenaka n'kuthamanganso.

Anayamba wafika pamtengo wa mkuyu, pomwe Kadzidzi ankagona m'mphako masana onse.

"Odi, odi, a Kadzidzi! Pepani ndakudzutsani. Maso anu ndi aakulu, ndithandizeni. Langali likundithawa. Kukangowala kanthu, lapita, ndipo ana anga akutha."

Kadzidzi anatsegula diso limodzi, kenaka linalo.

"Likuthawa? Anga sathawa. Anakhomeredwa m'mutu. Sayenda. Ndikafuna kuona chakumbali ndimapotoza mutu wonse, chonchi." Anapotoza mutu mpaka nkhope inaloza kumsana. "Kakhomeretse ako, mavuto atha."

"Akakhomere ndani?"

"Ine ndinabadwa nawo choncho. Kafunse amene anakubala." Atatero anatseka maso.

Nangondo anathamanga. Anacheukira kuchulu. Anathamanganso. Pachitsamba china anapeza Nanzikambe ataponda nthambi ndi mwendo umodzi, winawo uli m'malere, akuganizabe ngati auponde.

"Moni, a Nanzikambe. Ndithandizeni msanga, diso langa likundithawa."

"Msanga?" anatero Nanzikambe. "Mawu amenewo kwathu kulibe. Koma taona, mwana wa anthu. Maso ndi awiri. N'chifukwa chiyani umawatuma kumodzi? Ili lizipita uku." Diso lake lina linazungulira kumwamba. "Ili lizipita uko." Linalo linazungulira kumbuyo. "Lina lizionerera gule, lina lizilondera ana."

Nangondo anayesa. Anakankhira diso lina kum'mawa, lina kumadzulo. Mitengo inayamba kuzungulira, dziko linapendekeka, iye khu, chagada.

"Mwina si za mtundu wanu," anatero Nanzikambe, naponda mwendo uja.

Dzuwa linali litapendeka pamene Nangondo anafika pamadzi osaya a kumtunda kwa mtsinje. Pamenepo panaima Kakowa ndi mwendo umodzi. Madzi anali ng'aning'ani ndi dzuwa. Masamba ankayandama n'kumadutsa. Atombolombo ankauluka n'kumamukhudza pafupifupi pamlomo. Koma iye anali dwii pamalo amodzi.

"Odi, amalume."

Kakowa anapitiriza kuyang'ana m'madzi.

"Amalume, odi!"

Khosi loyera lija linatsika ngati mkondo, chubwi, n'kutuluka lopanda kanthu.

"Waona? Wandithawitsira nsomba. Ndaidikira kuyambira m'mawa. Ukufuna chiyani, iwe wa miyendo yofiira?"

Nangondo anafotokoza zonse, mawu akupunthwa okhaokha: za mchira, za chigoba, za kutsinzina, za mazira atatu otsala ndi mwamuna amene sanakhalirepo dzira chibadwire.

"Ndiuzeni, amalume. Zonse zikuwala apazi, inu simukuziona?"

"Ukundiyesa wakhungu? Ndikuziona zonse. Diso langa limafuna kutsatira tombolombo aliyense. Ndakalamba, koma likufunabe."

"Nanga mumaligwira bwanji?"

Kakowa anasintha mwendo.

"Tamvera. M'mutu mwakomo muli abusa awiri, koma mbuzi yawo ndi imodzi, ndiyo diso. M'busa woyamba ndi Phuma. Ameneyo safunsa. Kukangogwedezeka kanthu, wakoka kale chingwe. Wachiwiri ndi Dekha. Ameneyo ndiye amadziwa chimene wakhalira pachisa. Koma ndi wochedwa. Akamati adzuke, mnzake wafika kale kutali."

"Ndiye Phumayo ndimuphe bwanji?"

"Umuphe? Kabawi akadzatsika kuchokera kumwamba, adzakuuze ndani? Dekha adzakhala akumangabe nsalu m'chiuno. Phuma ndi amene wakufikitsa pa msinkhu umenewu. Vuto ndi lakuti mbala zadziwa dzina lake, zikumamuitana."

Nangondo anapondaponda pamchenga. Anacheukira kuchulu.

"Taona, wachokanso," anatero Kakowa. "Bwerera kuno. Dzulo unalumbira kuti sindiyang'ana. Pamenepo Dekha unamupatsa ntchito yanji? Palibe. M'busa sumuuza kuti usapite. Umamuuza kopita. Ndipo umamuuziratu, zinthu zisanayambe. Uziti: kukawala kumanzere, ife tipita kumanja. Kukavina kum'mawa, ife tipita kumadzulo. Wokuvinira kuno akufuna kuba uko. Ima apo tiyese."

Kakowa anamenya madzi ndi phiko lakumanzere. Phwa! Diso la Nangondo linapita kumanzere.

"Dzira lapita," anatero Kakowa. "Tiyenso."

Phwa kumanja! Diso linapita kumanja.

"Lapitanso. Ng'azi anenepa chaka chino."

Anayesa kakhumi, kakhumi konse analephera. Nangondo anakhala pansi pamchenga.

"Sindingathe, amalume. Ndine mayi wachabechabe."

Kakowa anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unadya liti?"

"Sindikukumbuka."

"Unagona liti?"

"Ndingagone bwanji?"

"Ndiye ukudabwa chiyani? Phuma sadya, sagona, satopa. Wanjala ndi Dekha. M'mimba mukakhala pululu, iye amakagona pansi pa mtengo n'kusiyira mnzake chingwe. Pachipika apo pali chiswe. Kadye."

"Nthawi palibe."

"Kadye, ndati! Apo ayi choka, undisiye ndigwire nsomba."

Nangondo anadya. Ankameza akuyang'ana kuchulu, komabe anadya. Anamwa madzi. Atabwerera, Kakowa anamenyanso phiko. Phwa kumanzere! Diso linanyamuka kulowera kumanzere, koma Nangondo anamva ngati wina wagwira chingwe n'kuchikoka, ndipo linatembenukira kumanja.

"Eya! Wamuona Dekha? Wachedwa, koma wafika. Likakuthawa diso, usakhale pansi n'kumadzitukwana. Libweze pomwepo. Tiyenso."

Anayesa, nayesa, nayesanso, mpaka mithunzi inatalika. Pomaliza, pa maulendo khumi Nangondo ankakhoza asanu ndi awiri.

"Nanga atatu otsalawo, amalume?"

"Amenewo adzakhalapo mpaka ukalambe. Ine nsomba zimandithawabe, si waona wekha? Pita kwa ana ako."

Nangondo anabwerera ndi liwiro. Atafika kuseri kwa chulu anapeza Kwalikwali ali pachisa, mutu uli pansi, kumsana kuli mbuu, nthenga zitathothoka.

"Bambo, kwachitika chiyani?"

Nangondo anasendera pafupi.

"Tadzukani ndione."

Anadzuka pang'onopang'ono. Mazira anali awiri.

"Kanabwera kamchira kaja," anatero Kwalikwali ndi mawu otsika. "Ndinati sindiyang'ana. Kanavina. Ndinayang'ana. Mtima unandipsa, ndinati ndikagwire ndikaphunzitse mwambo. Kanandilowetsa m'minga, nthenga zanga zatsala komweko. Pobwera..."

Nangondo anafuna kunena kuti, si inu munati n'chosavuta? Mawuwo anafika pamlomo. Anawameza. Anakhala pamazira awiriwo, nawakokera pansi pa chifuwa.

"Mawa musapite kutali," anatero. "Mukakhale kuseri kwa chulu ndi nkhanga. Mukamva ndakuwa, muthamange."

Kutacha, Nangondo anayamba wadya. Anatola njere zinayi zisanu pafupi ndi chisa n'kubwerera msanga. Atangokhala anamva kanthu pansi pa chifuwa. Go. Go, go. Anapiye anali atayamba kugogoda m'kati mwa mazira. Mtima wake unauluka. Anamuuziratu Dekha: kukavina kum'mawa, ife kumadzulo. Kukavina kumadzulo, ife kum'mawa.

Dzuwa litafika pamutu, kamchira kanatulukira kum'mawa. Pukupuku. Nangondo anaponya diso kumadzulo. Udzu unali kugawanika pang'onopang'ono, ndipo pakati pake panali mphuno ya Ng'azi.

"Kwali! Kwali! Kwali!"

Kwalikwali ndi nkhanga anafika fumbi lili kobo. Koma Ng'azi anali akadali patali, ndipo anabwerera chambuyo n'kulowa m'ngalande. Nkhanga zinasakasaka, osapeza kanthu.

"Mayi, ife tili ndi ana athu," inatero nkhanga yaikulu. "Musamatiitanire mphepo. Mukatiitananso pachabe, kachitatu sitibwera." Zinabalalika zikung'ung'udza.

M'ngalande muja Ng'azi anali wefuwefu.

"Alamu, wandiona! Munati muli ndi chingwe cha diso lake!"

"Wina wamuphunzitsa," anatero Nyenga. "Ndikavina uku, akuyang'ana uko. Chabwino. Tsopano inu mudzere komwe kuli ine. Mudutse pansi pa mapazi anga."

Patapita kanthawi chigoba cha nkhono chinawala kum'mawa. Ng'ani! Nangondo anaponya diso kumadzulo. Kunalibe kanthu. Udzu unali chiimire. Anayang'anitsitsa. Kunalibe kanthu. Ndiye pakona ya diso, kumbali imene anaisiya, kanthu kakang'ono kanati lawi. Phuma sanafunse. Anakoka chingwe, mutu unatembenuka, ndipo Nangondo anaona lilime la Ng'azi lili pa dzira. Anajompha. Anaphonya. Ng'azi anathawa, dzira litagubuduzika mpaka m'mphepete mwa chisa. Nangondo analikokera mkati ndi mlomo. Silinasweke. M'kati munamvekabe go, go.

Sanakuwe, poti mbala inali itapita. Anakhala, mtima uli m'mwamba. Zimene anaphunzira kumtsinje zinali zitatha ntchito. Akayang'ana kovina, amuba kumbuyo. Akayang'ana kumbuyo, amuba kovina. Kumanzere? Kumanja? Mutu unkapita uku, unkapita uko, ngati bango la m'madzi. Kakowa anali kutali. Panalibe womufunsa.

Go, go, anatero mwana pansi pake.

Nangondo anaweramira mawuwo, ndipo poweramapo anaona m'mphepete mwa chisa chake, kamzere ka udzu wouma kozungulira thupi lake. Anaganiza kuti, mbala ingadzere kum'mawa, ingadzere kumadzulo, ingagwe kuchokera kumwamba. Koma kulikonse kumene idzere, mlomo wake uyenera kudutsa apa.

"Dekha," ananong'ona, "ntchito yasintha. Sitipitanso kumanzere, sitipitanso kumanja. Tikhala pano. Diso likachoka, ulibweze pano."

Anatsitsa mutu mpaka mlomo kukhudza udzu wa m'mphepete, nayamba kuyendetsa diso mozungulira chisa, pang'onopang'ono, akuimba chapansipansi:

Diso langa, bwera kuno,
Kuno kuli ana,
Zowala zidzawalanso mawa,
Bwera kuno, bwera kuno.

Nyenga anavinitsa mchira. Nangondo anaimba. Nyenga anawalitsa chigoba. Diso linadumpha, Dekha analibweza, Nangondo anaimba. Nyenga anagwedeza tsekera, anaponya timiyala, anazungulira chulu kawiri. Thukuta linamutuluka.

"Alamu, tiyeni tizipita," anatero Ng'azi. "Tadya anayi. Akwana."

"Mwatopa ndi kugona pansi? Dikirani. Ndasunga chachikulu."

Nyenga anathamangira kuminga kuja, natola nthenga zonse zimene Kwalikwali anasiya dzulo lake. Anakwera nazo pachulu, kumene mphepo inkachokera, naziponya m'mwamba. Kenaka anafuula ndi mawu onse:

"Mayo! Kwalikwali wagwidwa! Kabawi wamutenga! Onani, onani, akupita naye!"

Nthenga zinayamba kugwa. Ina inadutsa pamaso penipeni pa Nangondo, ina inatera paphiko lake. Anazidziwa. Zinali za mwamuna wake, za mawanga omwewo. Diso linathawira kumwamba. Khosi linayamba kutalika. Chifuwa chinayamba kunyamuka.

Ana inu, mukanakhala inu mukanatani?

Nangondo anamva thupi lonse likukokedwa. Anafuna kuona, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale kadontho kakuda kakuzimirira m'mitambo. Koma mawu ochedwa aja anafika m'mutu mwake: ngati wagwidwadi, diso lako silimumasula. Ngati sanagwidwe, ndiye kuti mbala ili pafupi. Bwera kuno.

Anatsitsa chifuwa. Anabweza diso m'mphepete mwa chisa. Misozi inali kutsika, zinthu zikuoneka mbuu, koma sanaphethire. Nthenga zinkagwabe. Nyenga ankafuulabe. Ndipo pakati pa udzu wouma, chakumchira kwake, panatuluka lilime lamphanda. Lawi. Lawi.

Nangondo sanafulumire. Analola lilime lidutse. Analola mphuno ilowe. Mphuno itafika pa dzira, anatembenuka n'kujompha ndi mphamvu za masiku onse amene sanagone. Jo! Zikhadabo zinamira pakhosi pa Ng'azi, mlomo unagwira mphuno osasiya.

"Mayo ine! Alamu! Alamu, ndafa!"

Kukuwa kumeneko sikunali kwa Nangondo, kunali kwa Ng'azi mwini wake, ndipo nkhanga zinakumva. Zinadziwa kuti iyi si mphepo. Woyamba kufika anali Kwalikwali, wamoyo, msana uli mbuu, akufuula mpaka mawu kusasa. Pambuyo pake panali nkhanga zonse za m'dambo. Zinamujompha Ng'azi kumsana, kumchira, kumiyendo. Iye anaphimba diso lake limodzi lija ndi dzanja, nadzipulumutsa, nathawa osacheuka mpaka m'madzi, phava!

Nyenga anali atatsika kale pachulu. Nkhanga ziwiri zinamuthamangitsa mpaka kutsidya kwa njira. Mpaka lero Ng'azi akangomva mtswatswa amadziponya m'madzi, ndipo Nyenga podutsa njira amathamanga atakweza kansonga kakuda ka mchira wake, poyesa kuti mwina wina acheuka.

Fumbi litatsika, Nangondo anayang'ana mwamuna wake kwa nthawi yaitali.

"Muli moyo," anatero.

"Ndili moyo. Ndinamva akufuula dzina langa, ndinadabwa kuti kabawi wanditenga liti." Anakanda pansi ndi phazi. "Akazi anga, munayang'ana?"

"Ndinayang'ana. Koma ndinabwerera."

Dzuwa lisanalowe, dzira loyamba linang'aluka. Panatuluka kamutu konyowa. Lachiwiri linachedwa, linachedwa, mpaka Nangondo anayamba kuzungulirazungulira chisa n'kumafunsa ngati Ng'azi analivulaza. Kenaka nalonso linang'aluka. Anapiye awiri mwa mazira asanu ndi limodzi. Nangondo anawawerenga, namaliza, nayambiranso.

Kamwana koyamba katauma kanaimirira gwedegwede. Ntchentche inadutsa. Kamwana kaja cheu, n'kuyamba kuitsatira, kulowera kuudzu wautali.

"Iwe!" anatero Nangondo, nakatchinga ndi phiko. "Waiona, eti? Wachita bwino. Tsopano yang'ana kwa ine."

Phunziro lake nali. Diso limathamangira chowala lisanakufunse, ndipo zimenezo si mlandu, poti tsiku lina liwiro lomwelo lidzakupulumutsa. Mlandu ndi kulisiya komweko. Ukapatsidwa chinthu choti uyang'anire, kaya ndi mwana pafupi ndi chitsime, kaya ndi njira yoti uwoloke, udziuziretu pomwe diso lako liyenera kukhala, ndipo likachoka ulibweze msanga. Usaiwalenso kudya ndi kupuma, chifukwa wotopa salamulira maso ake. Chimene chikuvina kwambiri kuti uchione, uzidzifunsa kuti chikubisa chiyani.

Nthano yanga yafika pamathero. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanapserere.